Kalata: Kugula Zakudya Zopanda Mankhwala Motchipa mu Blantyre

Okondedwa achemwali,

Moni kuchokera kuno ku Blantyre. Mwafunsa momwe ndalama imene mumatumizira amayi ingakwanire kuti azidya zakudya zolimidwa popanda mankhwala. Muwauze asayambire m'masitolo akuluakulu. Zambiri zomwe mukuzigula modula ku Johannesburg kuno zili pamsika, pamulu.

Ayambe ndi masamba achikuda: bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, kholowa, chigwada ndi khwanya. Ambiri mwa amenewa amamera okha kapena amathyoledwa m'munda wa chimanga, ndipo kawirikawiri sapoperedwa. Zofunika kusamala nazo ndi tomato, kabichi, repu ndi tchayinizi. Tomato wa nthawi ya dzinja amapoperedwa mankhwala a Dithane pafupipafupi poopa chiwawu, ndiye akaona ufa pakhungu lake, makamaka pakakhombo, adziwe kuti wapoperedwa posachedwa. Kutsuka kumachepetsa za pamwamba zokha. Tsamba lobooka pang'ono ndi mbozi lisawanyanse, koma si umboni wokwanira. Afunse komwe lachokera. Masamba othiriridwa ndi madzi a mumtsinje wa Mudi kapena Naperi asagule ngakhale atatchipa bwanji, madziwo ndi oipa.

Ndalama imapulumuka pa kupikula. Alawirire ku Limbe alimi akamatsitsa katundu, kapena apite ku Bvumbwe ndi ku Lunzu tsiku la msika. Asonkherane ndi anzawo awiri kapena atatu, agule dengu lathunthu agawane, thiransipotinso agawane. Akapeza mlimi wa manyowa okhaokha, amukakamire. Kasitomala wa masiku onse savutika kunenerera ndipo basera sasowa. Afunsitsitse ndithu, chifukwa ena amati "manyowa" akutanthauza a Mbeya, omwe amasakaniza ndi feteleza.

Zipatso azitsata nyengo: mango kuyambira Novembala mpaka Januwale, manachesi a ku Mwanza m'miyezi yozizira.

Nkhwani ndi khwanya zikachuluka cha mu Febuluwale ndi Malichi, afutse. Asankhe, atsuke, aviike m'madzi owira othira kamchere kwa mphindi 2 kapena 3, kenako ayanike mopyapyala pamphasa, pamthunzi podutsa mphepo. Akawiritsa kwambiri masamba amaphikika n'kumatana. Akayanika padzuwa lamphamvu amayezuka. Mfutso wauma ukamathetheka m'manja. Wosaumitsa umachita chuku m'chikwatu. Mfutso wouma bwino ndiwo udzawathandize mu Okutobala, masamba akadula.

Chimanga, nyemba ndi nandolo agule nthawi yokolola, mlimi asanathire mankhwala a Actellic, asunge m'matumba a PICS. Thumbali lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja; lililonse limangidwe palokha atafinya mpweya, anankafumbwe amafa okha posowa mpweya. Koma mbewu ikhale youma. Ayese chonchi: aike mbewu pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, atseke, akhutchumule, adikire mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali, ayanikenso. Matumba akhale pathandala, osatsamira khoma, chifukwa khoswe akangoboola pulasitiki ntchito yonse yawonongeka. Mtedza agule wamakoko, aziswa okha osauwaza madzi, ndipo wonyala kapena wachuku ataye. Nsinjiro yogula yosinjasinja simudziwa zomwe zalowamo.

Poti pakhomo pawo malo ndi ochepa, masaka awiri a makilogalamu 50 akwanira mpiru ndi anyezi wamasamba. Asakanize magawo awiri a dothi ndi gawo limodzi la manyowa owolerana, aike mzere wa timiyala pakati kuti madzi azitsika, aboole m'mbali n'kuokeramo mbande. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu. Nsabwe zikagwa, asinje tsabola wodzaza dzanja, aviike usiku wonse m'lita imodzi yamadzi, asefe, athiremo kasopo pang'ono, apopere madzulo kunsi kwa masamba.

Mukamatumiza ya mwezi wa Meyi muonjezereko ya matumba ndi chimanga. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu,
wa ku Chilomoni