Kunenepa kwa kumtundu kusatitseke maso pa matenda a chiwindi

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi abale anga a kuno kum'mawa kwa Zambia za yankho limene timakonda kupereka munthu akatiuza kuti thupi lakula: "Ife kwathu ndife a matupi, agogo analinso chonchi." Yankholi si labodza ayi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti tikatero timaona ngati nkhani yatha, pomwe munthu wa kumtundu wonenepa ndiye woyenera kukhala woyamba kufunsa za chiwindi chake.

Akatswiri anatsimikiza kale kuti mwana amatengera kwa makolo malangizo a m'maselo, amene iwo amawatchula kuti ma gene, ndipo ena mwa malangizowa amakhudza kunenepa. Mu 2007 anapeza kuti imodzi mwa izo ndi gene yotchedwa FTO. Munthu amene anatengera mtundu wake wonenepetsa kwa bambo ndi kwa mayi omwe amalemera makilogalamu pafupifupi 3 kuposa mnzake amene alibe. Makilogalamu 3 okha! Enawo amene tawaunjika pamimba afunsidwe ku mbale ya nsima, ku vitumbuwa, ku saladi amene timathira mu ndiwo mpaka masamba kusambira, ndi ku zakumwa za shuga zimene masiku ano zalowa m'malo mwa madzi.

Gene yokhudza chiwindi mwachindunji inapezeka mu 2008 pa kafukufuku wa anthu a mumzinda wa Dallas ku America. Dzina lake ndi PNPLA3. Mwa anthu ena gene imeneyi ili ndi kusintha kochepa chabe, koma kokwanira kuchititsa kuti mafuta olowa m'maselo a chiwindi azikanirira momwemo. Mu 2014 anapezanso ina, TM6SF2, imene ikasintha chiwindi chimalephera kutumiza bwino mafuta m'magazi. Palinso anthu amwayi amene ali ndi mtundu wina wa HSD17B13, umene unadziwika mu 2018 kuti umateteza chiwindi. N'chifukwa chake anthu awiri amatha kudya mofanana, kunenepa mofanana, wina n'kukalamba bwinobwino, wina chiwindi n'kuwonongeka asanaone zidzukulu.

Koma chimene ndikufuna aliyense amve ndi ichi. Kafukufuku wa mu 2017, wa anthu a ku Dallas ndi ku Copenhagen, anaonetsa kuti PNPLA3 yosinthayo sivutitsa kwenikweni munthu wa thupi loyenera. Mphamvu yake imakula pamene thupi likukula. Kuno ku Chipata njinga timaidziwa tonse. Njinga imene ili ndi mng'alu pafelemu ikhoza kukunyamulani zaka zambiri popanda vuto, koma tsiku limene mwaisenzetsa matumba a makala ndi pamene mng'aluwo umayankhula. Felemu sitinasankhe, tinabadwa nayo. Katundu timakweza tokha.

Matenda a mafuta m'chiwindi amayenda mwakachetechete. Mafuta akapitirira magawo 5 pa 100 aliwonse a chiwindi, madokotala amati chiwindi chili ndi mafuta. Anthu ambiri amathera pomwepo ndipo sadwala. Kwa ena chiwindi chimayamba kutupa, kenaka chimachita zipsera, zipserazo n'kuchuluka mpaka chiwindi kuuma, ndipo pa chiwindi chouma ndi pamene khansa imakonda kumera. Zonsezi zimatenga zaka, munthu akupita kumunda, akugulitsa pa msika wa Kapata, osamva kupweteka kulikonse. Odwala shuga ali pa chiopsezo chachikulu. Ndipo si za oledzera okha. Mayi wa mvano amene sanalawepo kachasu chibadwire akhoza kukhala ndi chiwindi chodzaza mafuta.

Wina wodziwa nkhanizi anena kuti PNPLA3 yosinthayo imapezeka kwambiri mwa anthu a ku Latin America, ndipo mwa anthu ochokera ku Africa ndi yochepa. N'zoona. Koma zisatigonetse tulo. Kafukufuku wambiri wa ma gene wachitika pa azungu, ife tinangolawidwa pang'ono, choncho palibe amene anganene kuti Mchewa, Mngoni, Mnsenga kapena Mtumbuka ndi wotetezeka. Komanso chiwindi cha munthu wa kuno chili kale ndi adani amene cha munthu wa ku Dallas sichikumana nawo kawirikawiri.

Woyamba ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene kuno ku Africa ndi gwero lalikulu la khansa ya chiwindi. Ambiri amakatenga ali makanda kapena ana aang'ono, n'kukula nako osadziwa. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana muno mu Zambia mu 2005. Ndiye kuti ambiri a ife obadwa chakachi chisanafike sitinalandire, ndipo ndife omwewo amene tsopano tikunenepa.

Wachiwiri amandiwawa kwambiri chifukwa amakhala mu chinthu chimene chigawo chathu chimanyadira, nsawa. Pitani pakhomo lililonse nthawi yotongola muone. Mayi wakhala pamphasa ndi lichero, wawaza madzi pa makoko kuti asavute kuswa, ndipo akusankha: zazikulu zosalala m'thumba la kumsika, zofota, zakuda ndi zachuku m'kambale ka pambali. Kambale kameneko ndiko kamapita mu mtondo kukhala nsinjiro za chibwabwa cha ana athu. Chimanga nachonso n'chimodzimodzi, chowola timati chipite ku mowa kapena ku chigayo, osataya. Chuku chimenecho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo kuphika sikumupha. Mu 1991 akatswiri anapeza kuti ena mwa odwala khansa ya chiwindi a kum'mwera kwa Africa ndi a ku Qidong ku China anali ndi chilema pa malo amodzimodzi a gene ya TP53, imene ntchito yake ndi kuletsa maselo kusanduka khansa. Chilema chimenechi sitibadwa nacho, amachiboola ndi aflatoxin. Poizoniyu akakumana ndi hepatitis B m'chiwindi chimodzi, chiopsezo chimachulukana koopsa. Tsono onjezanipo mowa, onjezanipo mafuta.

Ndikudziwa chifukwa chake nkhani yochepetsa thupi imatiwawa. Tinadutsa m'zaka zimene munthu akangoonda anthu amayamba kunong'onezana, ndipo tinaika maliro ambiri a kaliwondewonde. Kuchokera pamenepo thupi lalikulu linakhala umboni wakuti uli bwino, wakuti bambo akusamala pakhomo. Mkazi akabwera kudzaona makolo ataonda, apongozi amafunsidwa mafunso. Mantha amenewo ndimawamvetsa, ndipo sindikunyoza munthu aliyense wonenepa. Koma taonaninso maliro ena amene tikuika masiku ano. Munthu wa zaka 45, maso achita chikasu, mimba yadzaza madzi, miyendo yatupa. Abale akuti anamudyetsa, ayamba kuloza chala azakhali okalamba. Ndalama zathera kwa asing'anga. Pomwe akumukweza basi ya ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500 pa Great East Road kupita ku Cancer Diseases Hospital, madokotala alibenso chochita china koma kuchepetsa ululu. Patapita zaka mng'ono wake adwala chimodzimodzi, ndipo banja likuti mfiti ija sinagone. Chonsecho abale a mimba imodzi amagawana ma gene, amagawana nkhokwe, ndipo kawirikawiri amagawananso kachilombo kamene anatenga ali ana.

Sitikufunika makina oyezera ma gene kuti tichitepo kanthu. Khalani pansi ndi akuluakulu a pabanja muwafunse: malume aja anamwalira bwanji, ndani anatupapo mimba, ndani ali ndi shuga? Ngati mayankho akuloza ku chiwindi, pitani kuchipatala mukadali ndi mphamvu, mukapemphe kuyezedwa hepatitis B, shuga ndi magazi a chiwindi, ndipo dokotala akaona kuti n'koyenera, sikani ya pamimba. Hepatitis B ili ndi mankhwala oifooketsa monga tenofovir. Mafuta a m'chiwindi amachoka: kutsitsa thupi ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100 kumachepetsa kutupa, ndipo ngakhale zipsera zimatha kubwerera m'mbuyo. Kwa munthu wa makilogalamu 90, amenewo ndi makilogalamu 6 mpaka 9, osati kuonda kochititsa manyazi. Koma mabotolo a zitsamba amene amagulitsidwa m'mabasi ati otsuka chiwindi, chonde asiyeni, ena mwa iwo ndi amene amachimaliza.

Pempho langa lipite kwa a zaumoyo m'chigawo chino, kwa mawailesi athu monga Breeze FM ndi Radio Maria, ndi kwa mafumu athu. Pa N'cwala ku Mtenguleni ndi pa Kulamba ku Mkaika pamasonkhana anthu zikwizikwi. Pakhale tenti yoyezera hepatitis B, shuga ndi kukula kwa mimba, ndipo alangizi a zaulimi aimirire pafupi ndi lichero la nsawa, aonetse anthu zoyenera kutaya.

Ndine wowerenga wanu,
Kapata, Chipata