Kompyuta yotsika mtengo iyambire pa magetsi

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo za kompyuta ya pakhomo yolumikiza wekha. Ambiri amathamangira kufunsa liwiro la purosesa, ubongo wa kompyuta. Ife tikuti kuno kwathu, kumene magetsi amathima osatsazika, muyambe mwaganizira magetsi ndi posungira mafayilo.

Titenge Raspberry Pi 4, kakompyuta ka bolodi imodzi kokwana m'chikhatho kamene kanatuluka mu 2019. Kokhala ndi RAM ya 4GB kamakwanira kulembera makalata pa pulogalamu ya LibreOffice, kusunga kaundula wa kagolosale, komanso kuti mwana aphunzirirepo Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu. Kamafuna 5V ndi 3A kudzera pa USB-C. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: amatola tchaja yakale ya foni ndi chingwe chachitali chopyapyala. Mphamvu ikatsika kupitirira 4.63V pamabwera chenjezo pa sikirini, kompyuta imayamba kukwawa, fulashi n'kumangozima yokha. Munthu amadandaula kuti anamugulitsa bolodi yakufa, chonsecho cholakwika ndi chingwe.

Choopsa kwambiri ndi kadi ya microSD, mmene kompyutayi imasunga mapulogalamu ndi mafayilo ake. Magetsi akathima kompyuta ili mkati molembapo, mafayilo ake amawonongeka ndipo mawa lake imakana kuyaka. Choncho pakati pa khoma ndi kompyuta pakhale batire ya 12V. Pa waya wa pozitivu, pafupi ndi batire, ikani fyuzi ya 5A, kenaka kachipangizo kotchedwa buck converter kotsitsa mphamvu kufika 5.1V. Yezani ndi mita musanalumikize bolodi, chifukwa 12V ikalowa molunjika imaiwotcha pomwepo. Amene angakwanitse agule SSD yaing'ono yosungira mafayilo m'malo mwa kadi, ailumikize pa USB ya buluu, kompyuta iziyakira pamenepo.

Tiwerengere limodzi. Batire ya 12V 7Ah imasunga 84Wh, koma ya asidi siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye zanu ndi 42Wh basi. Bolodi imadya pakati pa 3W ndi 7W. Mdyomba weniweni ndi sikirini, imene ingadye 15W mpaka 20W. Zonse pamodzi zimamaliza 42Wh zija m'maola pafupifupi awiri basi. Nchifukwa chake timalangiza sikirini yaing'ono yolandira 12V, kuti mupewe inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a pakhoma, imene imataya mphamvu ina posintha. Koma sikiriniyo muiikire chowongolera mphamvu, pakuti batire ikamatchajidwa imakwera kufika cha m'ma 14V.

Kutentha kwa mu Okutobala nako musakuiwale. Purosesa ikafika 80°C imadzichepetsa liwiro yokha, ndiye bokosi la aluminiyamu lomwaza kutentha liposa la pulasitiki lotsekeka.

Potsiriza, Pi 4 ilibe wotchi yakeyake yoyendera batire. Popanda intaneti, ikayaka imasokoneza tsiku ndi nthawi, zomwe zimawononga kaundula wa malonda. Kamodyulo ka DS3231 kokhala ndi batire kakang'ono, kolumikizidwa pa mapini a pa bolodi otchedwa GPIO, kamathetsa zimenezi.

Amisiri okonza makompyuta,
Blantyre