Chimene chimawadwalitsa ndi kukanidwa

Akonzi,

Pokamba za nkhawa ndi kudzipha pakati pa achinyamata, tisawasiye kunja amene amakondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, chifukwa chimene chimawadwalitsa ndi kukanidwa.

Pa ntchito yanga ya uphungu ndimakumana nawo. Wina chibwenzi chake chikangochedwa kuyankha uthenga pa WhatsApp, tulo timamuthawa, amaimba foni usiku wonse poopa kuti wasiyidwa. Winanso amadzitsekera, safuna kudalira munthu, ndipo akaona kuti wina wayamba kumukonda amathawa. Mu 1987 akatswiri a za m'maganizo Cindy Hazan ndi Phillip Shaver anaonetsa kuti mmene timakondera tikakula zimafanana ndi mmene mwana amadalirira omulera. Nanga mwana amene wakula akubisa za mumtima mwake, akumva mayi ake akunyoza anthu ngati iye pamene banja likudya nsima, adzakhulupirira ndani?

Mu 2003 katswiri wina wa kafukufuku, Ilan Meyer, anafotokoza kuti tsankho, kukhalira kuyembekezera kukanidwa ndi kubisala tsiku ndi tsiku zimawononga thanzi la m'maganizo. Kuno mtolowu ndi wolemera koposa, popeza gawo 153 la malamulo a milandu limalola chilango chofika zaka 14 kundende kwa amuna ogonana okhaokha. Ambiri amaopa ngakhale kuuza dokotala.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti uphunzitse aphungu ndi anamwino kumvetsera mosaweruza ndi kusunga chinsinsi. Inu makolo, ngakhale nkhaniyi ikukupwetekani, musamuthamangitse mwana pakhomo. Khalani naye pansi mukambirane, ndipo zikavuta pitani limodzi kwa mlangizi.

Mlangizi wa za m'maganizo,
Zomba