Ana athu amalowa pa intaneti ndi foni ya mayi

Akonzi,

Chiletsereni dziko la Australia ana osakwana zaka 16 kukhala pa masamba a mchezo mu Disembala 2025, ena akuti nafenso titero. Kuno ku Chigwa cha Shire lamulo lotere lingamuphonye mwana. Kwa Ngabu, ku Nchalo kapena ku Bangula ana ambiri alibe foni yawoyawo, amagwira ya mayi, yomwe simu yake inalembetsedwa ndi chiphaso cha mayiwo. Facebook ndi TikTok amafuna zaka 13, koma mwana amangonamiza chaka chobadwa, basi walowa.

Loko tiike pa foni penipenipo. Pa WhatsApp lowani pa Settings, Privacy, kenako Groups, musankhe My contacts, kuti mlendo asamuponye mwana m'gulu la zolaula. Muyatsenso Two-step verification ndi kuika manambala 6 odziwa inu nokha, chifukwa akuba akaunti amaimba n'kupempha nambala yobwera pa SMS, mwana n'kuwawerengera mwaulemu. Ngati foni ndi ya mwanayo ndipo ndi ya Android, Family Link, app ya Google yoyang'anirira foni ya mwana, ndi yaulere: mumaika maola, kuitseka usiku, ndipo app siilowa musanavomereze. Poikonza pamafunika bandulo ndi tsiku lobadwa loona.

Msampha woiwalika uli kotchajitsa. Foni imaswera pa shopu yopanda pasiwedi, m'manja mwa aliyense. Memori khadi yopita kukabenedwa nyimbo nthawi zina imabwera ndi mavidiyo amene kholo silingaonere pamodzi ndi mwana. Zimenezi sizidutsa pa netiweki, ndiye palibe chozisefa. Tsegulani nokha muone zili m'katimo.

Pomwe timalakwitsa kwambiri ndi pamene chigawenga chapeza chithunzi chamaliseche cha mwana n'kumafuna ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Kholo limathamangira chikwapu, n'kufufuta mauthenga onse ndi manyazi. Umboni wapita, ndipo mwana wokwapulidwa mawa saululanso. Ndalama musatumize, mukatero abweranso. Sungani nambalayo ndi mauthengawo, chithunzicho musachitumize kwa wina ngakhale mbale wanu, chifukwa kufalitsa zolaula za ana ndi mlandu pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016. Pitani nazo ku Victim Support Unit kupolisi, kapena imbani kwaulere 116, nambala yothandiza ana.

Ine,
Mphunzitsi wa kompyuta,
Chikwawa