Utoto wa pa ndege zakale zankhondo ndi umboni, tisaufafanize

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa chithunzi cha ndege chimene munasindikiza posachedwapa, chomwe pansi pake munangolemba kuti ndi ndege yakale yankhondo. Ndegeyo ndi Douglas A-4 Skyhawk, ndipo utoto ndi zizindikiro zimene zili pathupi pake zimanena zambiri kwa munthu wodziwa kuziwerenga.

Skyhawk inauluka koyamba pa 22 June 1954. Inakonzedwa motsogozedwa ndi katswiri Ed Heinemann kuti izinyamuka ndi kutera pa sitima zapamadzi zonyamula ndege, ndipo pofika 1979 zinali zitapangidwa 2,960. Kuyambira 1955, asilikali apamadzi a dziko la America ankapaka ndege zawo utoto wotuwa ngati phulusa pamwamba ndi woyera kumimba. Kuyerako sikunali kokongoletsa ayi. Kunali kobweza kutentha kwa kuwala kwa bomba la nyukiliya, poti ndege zimenezi zinkayembekezeredwa kuponya mabomba otero. Nawo asilikali apamadzi a ku Britain kwa kanthawi anapaka ndege yawo ya Blackburn Buccaneer yoyera thupi lonse pa chifukwa chomwecho.

Munthu akayandikira ndege yotere, amaona manambala atatu kumphuno, omwe ankathandiza ogwira ntchito pasitima kuizindikira mwachangu, komanso zilembo ziwiri zikuluzikulu pamchira zosonyeza gulu limene ndegeyo inali. Zonsezi zinkasintha ndege ikasamutsidwa. Koma chakumchira kuli nambala ina yaing'ono, yomwe eniake amaitcha Bureau Number, ndipo iyi ndiyo dzina lake lenileni, chifukwa imakhala yomweyo pa moyo wake wonse wautumiki kwa asilikali apamadzi a ku America. Wofuna mbiri ya ndege amayambira pa kanambala kameneka. M'zaka za nkhondo ya ku Vietnam, pamene woyendetsa ndege wa ku America John McCain anagwetsedwa ali mu Skyhawk yake ku Hanoi pa 26 October 1967 atanyamuka pa sitima ya USS Oriskany, michira ya ndegezi inali yowala ndi mitundu yofiira, yachikasu ndi yobiriwira. M'zaka za m'ma 1980 zonsezo zinafafanizidwa, ndipo ngakhale nyenyezi yoimira dziko la America inalembedwa motuwa, akuluakulu ataona kuti utoto wowala umaulula ndege kwa mdani idakali patali.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi moyo wachiwiri wa ndegezi zitachoka kwa eni ake oyamba. Australia inagwiritsa ntchito ma Skyhawk pa sitima ya HMAS Melbourne, kenako mu 1984 inawagulitsa ku New Zealand, komwe anavala chizindikiro cha mbalame ya kiwi mpaka 2001. A ku Argentina anamenya nawo nkhondo ya ku Falklands mu 1982, ndipo ndi ndege zimenezi zomwe zinamiza sitima ya ku Britain ya HMS Coventry pa 25 May chaka chimenecho. A ku Kuwait, dziko lawo litalandidwa ndi Iraq mu 1990, anathawitsira ndege zawo ku Saudi Arabia n'kulemba m'mbali mwake mawu akuti Free Kuwait, opempha ufulu wa dziko lawo. Patapita zaka zochepa, 23 mwa ndegezo zinagulidwa ndi Brazil, zinapakidwa utoto wina, n'kuyamba kutera pa sitima ya São Paulo. Tangoganizani, ndege imodzi yomwe inazolowera mchenga wa m'chipululu n'kukathera panyanja ya Atlantic. Nayo Buccaneer, sitima yonyamula ndege ya HMS Ark Royal itapuma mu 1978, inatsalira m'manja mwa asilikali amumlengalenga a ku Britain, omwe mu 1991 anaipaka utoto wofiirira ngati mchenga popita ku nkhondo ya ku Gulf.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona kuti nyumba zina zosungiramo zinthu zakale zimatenga ndege yokhala ndi mbiri yakeyake n'kuipaka manambala ndi zizindikiro za ndege ina yotchuka, pofuna kukopa alendo. Ndikumvetsa kuti utoto umasuwa ndi dzuwa, ndiponso kuti chitsulo chimene chakhala zaka zambiri mumphepo ya mchere chiyenera kupakidwanso kuti chisadyeke. Koma kupakanso sikufuna kunama. Amakaniko amene ankagona pansi pa mapiko a ndege imeneyo usiku wonse akukonza injini, ndi oyendetsa amene maina awo analembedwa pansi pa galasi la chipinda choyendetsera, amafafanizidwa pamodzi ndi utotowo. Ngati pali chifukwa chomveka chovekera ndege chovala cha inzake, chikwangwani cha pambali pake chinene poyera nambala yake yeniyeni ndi magulu amene inatumikira.

Kwa inu akonzi, pempho langa n'lakuti mukadzasindikizanso chithunzi chotere, wolemba mawu apansi ayang'anitsitse pamchira, atiuze mtundu wa ndegeyo, dziko lake ndi zaka zimene inavala utoto umenewo.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu mokhulupirika