Tisanamizane pa nkhani ya batire ndi mafuta a galimoto

A Mkonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga kudzera m'nyuzipepala yanu pa mtsutso umene wafala m'magalaja, m'madepoti a minibasi ndiponso pa mizere yodikirira mafuta. Ena akunena kuti galimoto ikaikidwa batire lalikulu imamwa mafuta pang'ono, pamene ena akunena kuti magetsi a m'galimoto ndi aulere chifukwa injini imakhala ikuzungulira kale. Ntchito yanga ndi yokonza magetsi a galimoto, ndipo ndikuona kuti mbali zonse ziwirizi zikusocheretsa anthu pa nthawi imene lita iliyonse ikupezeka movutikira.

Magetsi a m'galimoto si aulere. Injini ikangolira, magetsi onse amachokera ku alternator, imene imazunguliridwa ndi lamba wochokera ku injini. Aliyense amene anapalasapo njinga ya dainamo akudziwa kuti dainamo ikagunda tayala kuti nyali iyake, miyendo imayamba kumva kulemera. Alternator imachitanso chimodzimodzi: mukayatsa zinthu zambiri imauma kuzungulira, ndipo injini imawonjezera petulo kuti ikwanitse kuikoka. Mutha kudzionera nokha. Imikani galimoto injini ikulira, kenako yatsani nyali zazikulu ndi fani pa nthawi imodzi. Mudzamva kulira kwa injini kukutsika pang'ono kenako n'kubwereranso, chifukwa kompyuta ya galimoto yawonjezera mafuta. Kuwonjezera apo, alternator wamba imasandutsa magetsi pafupifupi theka lokha la mphamvu imene yalandira, yotsalayo imatayika ngati kutentha.

Funso lofunika ndi lakuti mafutawo ndi ochuluka bwanji, ndipo apa m'pamene ndili ndi nkhawa yaikulu. Babu limodzi la nyali yakutsogolo limakoka mawati 55. Mukaphatikiza mababu awiri akutsogolo, nyali zakumbuyo ndi za pa nambala, zonse pamodzi zimakhala pafupifupi mawati 150. Kuti injini ipange magetsi amenewa kwa ola lathunthu imawotcha petulo wongokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a lita. Izi zikutanthauza kuti munthu woyenda usiku kuchokera ku Blantyre mpaka ku Lilongwe, ulendo woposa makilomita 300 umene galimoto yaing'ono imamwa malita pafupifupi 20, nyali zake zimadya mafuta osapitirira theka la lita. Koma chisisira chikamagwa pa msewu wa M1 mumakumana ndi madalaivala amene amachedwa dala kuyatsa nyali, ati akusunga mafuta ndi batire, pamene m'mphepete mwa msewumo muli akabaza, ngolo za ng'ombe, amayi ochokera kumsika ndi ana obwera kusukulu. Batire silitha chifukwa cha nyali injini ikamalira, ndipo theka la lita silingafanane ndi moyo wa munthu. Ndikupempha madalaivala anzanga kuti khalidwe limeneli lithe.

Amene akufunadi kusunga mafuta ayang'ane kwina. Makina oziziritsira m'galimoto amakokedwa ndi lamba mwachindunji, ndipo amalemetsa injini kuposa nyali zonse kangapo. Zokuzira mawu zikuluzikulu zimene zimaikidwa m'maminibasi nazo zimatha kukoka magetsi oposa a nyali. Matayala opanda mpweya wokwanira, katundu wopyola muyeso ndi phazi lolemera pa moto zimawononga mafuta ambiri kuposa zonsezi.

Tsopano za batire. Ntchito yake yaikulu ndi kuliza injini, ndipo mphamvu imene sitata yatenga pa masekondi ochepawo imabwezeredwa m'mphindi zowerengeka. Batire likadzaza, alternator imapepukidwa, kaya batirelo ndi lalikulu kaya ndi laling'ono. Choncho kugula batire lalikulu kuposa limene opanga galimoto analemba sikuchepetsa mafuta ngakhale dontho limodzi, kumangowonjezera kulemera ndi kuboola thumba. Chimene chimasintha zinthu ndi thanzi la batire. M'kati mwake muli zipinda 6, ndipo chimodzi chikawonongeka batirelo silidzazanso, moti alternator imangokhalira kukankha magetsi ulendo wonse. Zizindikiro zake zimaoneka: batire limatentha, madzi ake amaphwa msanga, nthawi zina limatupa m'mbali n'kumanunkha ngati dzira lovunda. Mafuta otayika apa ndi ochepa, koma alternator yogwira ntchito mosapuma imatha kupsa, ndipo ndalama zake si zamasewera.

Pali gulu la galimoto limene mtundu wa batire umakhudzadi mafuta, ndipo galimotozi zadzaza m'misewu mwathu, zambiri zochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam. Mazda inayamba kuika makina otchedwa i-stop mu 2009, ndipo Daihatsu inatulutsa Mira e:S mu 2011. Galimoto zoterezi zimazimitsa injini zokha zikaima pa maloboti kapena pa mdipiti wa galimoto, n'kuliranso dalaivala akachotsa phazi pa buleki. Zambiri mwa izo zimalamulanso alternator kuti izitchaja kwambiri pamene galimoto ikuchepetsa liwiro, n'kupumako pamene ikuthamanga. Kuti zimenezi zitheke pamafunika batire lolandira moto mofulumira komanso lopirira kuliza injini kambirimbiri pa tsiku. Mabatire ake amalembedwa mosiyana, monga M-42 pa Mira e:S kapena Q-85 pa Mazda Demio ya i-stop, pamene batire wamba limalembedwa ngati 40B19L. Mukaikamo batire wamba chifukwa chakuti ndi lotchipa, limafooka msanga, kompyuta imaona kuti mphamvu yachepa n'kusiya kuzimitsa injini, ndipo mafuta amene galimotoyo inapangidwira kuti izisunga m'tauni amapita. Eni ake ambiri amangodabwa kuti galimoto yasiya kuzima yokha, osadziwa kuti gwero lake ndi batire limene anagula. Galimoto za hybrid, zoyendera petulo ndi magetsi, monga Toyota Aqua ndi Prius, ndi nkhani ina, chifukwa zilibe alternator n'komwe.

Pempho langa likupita kwa ogulitsa mabatire ndi amakaniko anzanga. Tisanagulitse batire tiziyamba tawerenga zolembedwa pa lakale, ndipo tizimuuza kasitomala zoona ngakhale zitatanthauza kuti agula laling'ono. Tiziyezanso ndi mita yoyezera magetsi. Batire labwino limene lapuma limaonetsa mavoliti 12.6, ndipo injini ikamalira mita imaonetsa pafupifupi mavoliti 14, ngakhale kuti pa galimoto zolamula alternator chiwerengerochi chimakwera ndi kutsika. Chizolowezi chozula waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikutchaja tichisiye, chifukwa magetsi amalumpha mwadzidzidzi ndipo amatha kuwotcha kompyuta ya galimoto, imene mtengo wake umaposa wa mabatire angapo.

Ine wanu,
Makaniko wa magetsi a galimoto,
Ndirande, Blantyre