Dandaulo: pulogalamu yanu ikupereka ziwerengero zosemphana

Kwa a Manejala,
Ofesi yoona za makasitomala

Bwana,

Ndikulemba m'malo mwa komiti ya SACCO yathu ya alimi a kachewere kuno ku Dedza, yomwe inagula kwa inu pulogalamu yosungira mabuku a ndalama. Pulogalamuyi ikumanena pawiri, ndipo amene mamembala ayamba kuwakayikira ndife, osati inu.

Mlimi wa ku Bembeke akagulitsa matumba ake pa Lizulu n'kubwera kudzaika ndalama, kalaliki amalowetsa mu kompyuta, risiti n'kutuluka bwinobwino. Koma akapempha sitetimenti pomwepo, ndalama ija mulibe. Imadzaoneka mochedwa, munthu atapsa mtima kale, risiti ili m'manja, akuuza anzake pamzere kuti muno mukudyedwa ndalama. Lipoti lotsekera tsiku ndiye likutisowetsa mtendere. Tikalitulutsa makalaliki akadali pantchito, ndalama imene membala wachotsa ku akaunti yake kuti abweze ngongole imatha kuwerengedwa mbali zonse ziwiri.

Anyamata anu a pafoni yankho lawo ndi limodzi: netiweki ya ku Dedza. Inde imavuta, makamaka nthawi ya mvula. Nanga risiti ija inatuluka bwanji ngati netiweki kunalibe?

Tinachita kulipira katswiri wathu wa makompyuta, ndipo zimene anapeza ndi izi. Pulogalamu yanu imasunga zonse mu MongoDB, nkhokwe ya pakompyuta yosungira zolembedwa, pa makompyuta atatu otchedwa maseva. Imodzi, primary, ndi imene imalandira zolembedwa. Ziwiri zinazo, ma secondary, zimakopera pambuyo pake. Inu munakonza driver, kachigawo kolumikiza pulogalamu yanu ndi MongoDB, kuti masitetimenti ndi malipoti aziwerengedwa pa secondary, koma read concern, lamulo lonena kuti zowerengedwazo zikhale zotsimikizika motani, simunaike. Ndiye kuti pulogalamuyo imangotola chimene yapeza pa sevayo, kaya kukopera kwatha kaya ayi.

Chotiwawa n'chakuti mankhwala ake alipo kalekale. Read concern inabwera ndi MongoDB 3.2 mu 2015, ndipo ikaikidwa pa "majority" munthu amawerenga zokhazo zimene maseva ambiri avomereza, zomwe sizingafufutike primary ikathima mwadzidzidzi, monga zimachitikira magetsi akapita. Mu 2017, 3.6 inabweretsa causal consistency, kuti kalaliki aziona chimene wangolemba kumene ngakhale akuwerenga pa secondary. Kuyambira 5.0 ya 2021, lipoti lalikulu litha kuwerengedwa ndi "snapshot", mabuku onse monga analili pa nthawi imodzi, osasakaniza zakale ndi zatsopano. Mwina munasiya izi kuti malipoti azituluka msanga. Ife sitinapemphe liwiro lotere.

Tikupempha kuti mukonze driver motere, ndipo mutilembere kalata yonena mtundu wa MongoDB ndi wa driver umene tili nawo. Ngati ndi wakale wosatha zimenezi, muusinthe pa ndalama zanu. Mutitumizirenso munthu adzakhale pansi ndi msungichuma wathu kuyerekeza marisiti ndi malipoti onse otsekera mwezi chiyambire kugwiritsa ntchito pulogalamuyi. Ma SACCO timayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo sitingatumize kumeneko ziwerengero zimene ife eni sitikuzikhulupirira.

Komiti yagwirizana kuti ndalama ya mwezi ndi mwezi imene timakulipirani iyambe yaima mpaka izi zitakonzedwa. Tikuyembekezera yankho lolemba, osati la pafoni, pasanathe masiku 14.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti
Dedza